Msoti wa pa Chinkhoswe cha Sheila

Alendo a ku Ludzi anakana kuyamba nkhani. Anabwera kudzafunsira mbeta Sheila, mwana woyamba wa Veronika, koma a Fanuel, malume a mnyamata wofunsirayo, anayang'ana uku ndi uku pakhonde n'kufunsa: "Nanga mwinimbumba ali kuti? Ife sitikamba ndi bambo wa mwana. Bambo ndi mkamwini pano."

Gerald, mwamuna wa Veronika, anangophimba pakamwa ndi dzanja. Ankatero nthawi zonse pakakhala alendo, chifukwa mano akutsogolo analibe.

Mwinimbumba anali Vitus, mchimwene wake wa Veronika, bere limodzi. Nyumba yake inali patsidya pa dambo pomwepa, utsi ukuoneka, koma awiriwo anali asanapatsane moni chichokereni nyengo ya kampeni.

Zinayamba ndi Bwana Kaphwiti, phungu woima payekha amene ankagawa nsalu za nkhope yake ngati mapepala a fodya. Vitus anali mkulu wa anyamata ake. Pa msonkhano wina pamsika wa Mkanda, Gerald anaimika dzanja n'kufunsa kuti mlatho umene analonjeza uja unapita kuti. Funso lokhalo basi! Anyamata anamukokera kuseri kwa chigayo, ndipo Vitus anaima poteropo atapinda manja, kuonerera mlamu wake akulavula mano. Tsiku limenelo Veronika analumbira pamaso pa anthu kuti ngakhale iye atamwalira, Vitus pamaliropo asadzapondepo.

Tsopano Kaphwiti anali atagwa pa chisankho, apolisi akumufuna, iye n'kuolokera ku Chipata atabisala m'lole ya chimanga. Koma mwambo suluza chisankho. Popanda malume panalibe chinkhoswe, popanda chinkhoswe abambo mfumu sakanalengeza ukwati kutchalitchi, ndipo Sheila anali atayamba kale kulira kuchipinda.

Veronika anadzimanga chitenje n'kuoloka dambo.

Anamupeza Vitus akusenda mtedza pansi pa mtengo wa mango, wawonda, njinga yamoto imene abwana anamupatsa itagona pambali yopanda mateyala.

"Odi sindinena," anatero Veronika. "Sindinabwere kudzacheza."

"Ndiye mwasochera, achemwali. Paja munati ndine mtembo kwa inu."

"Mtembo ulinso bwino, umakhala chete. Sheila akufunsiridwa. Akufuna malume."

Vitus anaseka, kuseka koipa kwa munthu wamanyazi. "Lero ndakhala malume? Pamene munavina usiku wonse abwana atagwa, mpaka kudzaimba nyimbo zonditukwana pa dambo apa?"

"Tinavina, eya! Ndipo tikanapeza ng'oma ina tikanavinanso. Abwana anuwo akudya soseji ku Zambia, inu mukusenda mtedza wa eni ake pa ganyu. Anakusiyirani chiyani? Nsalu?"

"Adzabweranso amene aja."

"Akadzabwera adzabweze mano a mwamuna wanga."

Vitus anabwerera ku mtedza uja. Anaphwanya mtedza umodzi mwamphamvu mpaka njere zinathawira kutali.

"Chinkhoswe ndi Loweruka," anatero Veronika akutembenuka. "Msoti wa kuchikazi umachokera kwa malume, mukudziwa. Mukapanda kubwera, mwanayo ndimuuza kuti amene wamuphera banja ndi ndani."

Loweruka linafika. Anthu anadzaza pabwalo, amayi a ku Ludzi akuimba, tambala wa kuchimuna ali m'manja mwa a Fanuel. Dzuwa linafika pamutu, Vitus osaoneka. Nyimbo zinayamba kuzilala. Mayi wina ananong'ona mokweza dala kuti banja la ndale n'lovuta kukwatirako, ndipo Veronika anamva ngati amuthira madzi otentha kumsana. Anadana naye mchimwene wakeyo kuposa tsiku la kuchigayo lija.

A Fanuel atangoyamba kufunsa za njinga zawo kuti azibwerera kwawo, mwana wina anakuwa: "Uyo akubwera!"

Vitus analowa pabwalo atavala jekete yobwereka, msoti uli kukhwapa. Sanapatse moni munthu. Anautula pamphasa, ndipo m'pamene Veronika anaona chimene anaumangira miyendo: kansanza kong'ambidwa pa nsalu ya Kaphwiti, nsalu imene Vitus ankaisunga m'sutikesi ngati ya ubatizo. Diso limodzi la abwana linali pa mfundo penipeni, ndipo msoti unali utalichitira kale zake. Achinyamata anaphulika kuseka. Vitus anaumitsa nkhope, osayang'ana aliyense.

Anasinthana nkhuku, anasinthana lichero ndi nkhwangwa, Sheila anavundukulidwa nthungululu zili pakamwa. Kenaka inabwera nkhuku yootcha, imene ankhoswe awiri amang'amba n'kudya pamaso pa anthu kuti mlandu uliwonse wa banjalo adzausenza limodzi.

Gerald, amene anakhala chete tsiku lonse, anaimirira. Dzanja sanaphimbe nalo pakamwa.

"Alamu," anatero, mawu akutuluka ndi mphepo pa mpata uja, "mukalumira nkhukuyo, ndiye kuti mwana wanga akadzamenyedwa mudzamulanditsa. Inuyo? Kapena mudzapindanso manja?"

Veronika anagwira mpumi. Ukwati uja anauona ukugwera m'dothi. A Fanuel anabweza dzanja lawo pa mbale.

Vitus anayang'ana nkhuku, anayang'ana mpata wa m'kamwa mwa mlamu wake, nthawi yaitali ndithu. Kenaka anapisa zala m'kati mwa nkhukuyo n'kutulutsa chiwindi, nyama yofewa imene amapatsa ana ndi nkhalamba. Munthu wamkulu mwinimbumbayo anayenda mpaka pamene panali Gerald n'kugwada m'fumbi, chiwindi chili m'manja awiri.

"Ntchafu simungathe, alamu," anatero. "Ndikudziwa chifukwa chake. Ndinalipo."

Gerald anamusiya chigwadire mpaka anthu anayamba kuyang'ana pansi. Veronika sanamuchonderere, ayi. Anafuna mawondowo amve kuwawa.

"Mano samera kawiri," anatero Gerald.

Anatola chiwindicho, anachikankhira kumbali kumene kunatsala mano, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono, maso ali pa Vitus.