Mfundo za pa Nyambo za Atate

Pali chinthu chimene ndinachisunga m'mimba osauza munthu, ngakhale amayi: kuyambira m'nyengo yozizira ya 1996 mpaka tsiku limene atate anamwalira, dzanja lawo lamanja linali litasiya kuwamvera. Ndinkadziwa ndine ndekha. Ndinali nditakhala nacho chinthu chimenechi pamphasa, pambali pa amayi, m'mawa wa tsiku lachitatu titaika maliro, pamene azakhali a Virginia anatuluka m'chipinda atanyamula chitini cha atate, atachigwira ndi nsalu ngati chingawatenthe.

Azakhali anali achemwali aakulu a atate, ndipo anabwera kuchokera ku Katete kudzalira ndi kudzagawa katundu. Pabwalo anali atayala kale maovololo awiri, magambuti, wailesi ndi njinga. Chitinicho chinali cha mabisiketi, chadzimbiri m'mphepete. Atachitsegula anabwerera m'mbuyo. M'katimo munali achule osema opakidwa penti yobiriwira, masupuni odulidwa zogwirira, nyongolotsi zakuda zodulidwa ku chubu cha njinga, ubweya wa kumchira kwa mbuzi, mikanda, ndi nthenga za nkhanga zomangidwa ndi ulusi wofiira.

"Alamu, izi n'chiyani?"

Amayi anayankha osadzutsa mutu kuti zinali nyambo za nsomba. Azakhali anati iwo akalamba akuona anthu akuwedza, nsomba imadya nyongolotsi ndi ziwala, ndipo sanamvepo za nsomba yodya mkanda. Anafunsa kumene nthengazo zinachokera. Amayi anati kuno kwathu ku Kanakantapa woweta nkhanga ndi mmodzi yekha, ba Zebron.

Dzinalo litatchulidwa, amuna amene anakhala pansi pa mtengo wa mango anayang'anana. Ba Zebron anali a puloti yoyandikana ndi yathu, mnzawo wa atate wowedza naye. Ndiwo anali nawo kudamu tsiku lomaliza. Iwo eni anafotokoza kuti anamwa limodzi munkoyo, chakumwa chonga thobwa, wa m'botolo la ba Zebron, kenako atate anaimirira, nati mutu ukuwawa, n'kugwa. Anawanyamula pa thirakitala ya pafamu, koma anatsirizika asanafike kuchipatala. Kuyambira pamenepo anthu ankangonong'ona za botolo lija. Ufa umene akazi a ba Zebron anabweretsa pamaliro amayi anaubweza. Tsopano azakhali anali atapeza zimene ankaziyesa zithumwa. Ananena kuti Loweruka banja lipita kwa sing'anga ku Bundabunda, ndipo anyamata ena amene anabwera nawo anali atayamba kale kukamba za machesi ndi denga la udzu la ba Zebron.

Ine ndinangoyang'ana zala zanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chiyambire ndinali mwana wosalankhula pagulu.

Atate ankati khalidwe limenelo ndi la msodzi. Ankagwira ntchito yokonza mapampu pafamu ina yaikulu chakufupi ndi msewu wa ku Chalimbana, ndipo mwini famu ankawalola iwo ndi ba Zebron kuwedza m'damu lake Loweruka masana. M'damumo munali bulakibasi, nsomba ya kukamwa kwakukulu imene eni mafamu anachita kubweretsa. Mwini famu ndi alendo ake ankawedza ndi nyambo zogula ku Lusaka. Atate anaziyang'anitsitsa nyambozo, n'kuyamba kupanga zawo. Ndodo ndi kawilo kokulungira chingwe anawapatsa ndi bwanayo zitathyoka, iwo n'kuzilumikiza.

Atate anayamba kunditenga mu Juni. Poyamba ndinkayesa akufuna wowanyamulira thumba. Ba Zebron ankakonda kukhala kutsidya, kukhoma la damu, ife tinkalowa kumabango kumene munthu saoneka. Tsiku loyambalo atate anayesa katatu kulowetsa chingwe pa kabowo ka mbedza, chingwe chikungopulumuka. Anaseka, n'kundipatsa.

"Lister, maso yako ni yatsopano. Nimangileko."

Koma sanali maso. Ndinaona zala zawo zitatu zitapindika, zosafuna kutambasuka. Anandiuza kuti dzanjalo linayamba dzanzi m'mawa wina, ndipo mutu unkawawa kumbuyo. Anati bwana akamva awachotsa ntchito, chifukwa palibe wosunga makaniko wa dzanja limodzi, ndipo amayi akamva awatsekera m'nyumba ngati nkhuku yofungatira. Anandipempha kuti ndisunge pakamwa mpaka nditalemba mayeso a giredi naini, akatero apita kuchipatala okha. Ndinavomera. Kunena zoona, ndinakondwa kuti pa anthu onse asankha ine.

Choncho Loweruka lililonse ndinkamanga ndine. Kenako ndinayamba kuponyanso ndine, n'kuwapatsa ndodo kuti agwire ndi lamanzere. Kunyumba ankadya ndi lamanzere, akumauza amayi kuti sipanala inawapweteka pamkono. M'mabango muja anandiphunzitsa zonse. Bulakibasi, ankatero, ndi waulesi ngati kapitawo, amakhala pamthunzi kudikira kuti chakudya chimupeze, ndiye uziponya pafupi ndi chitsa kapena m'mphepete mwa masamba a kakombo. Kukazizira, nyongolotsi ya chubu uziikoka pansi pang'onopang'ono mpaka iwe mwini utope nayo. Madzi akada ndi mvula, supuni yowala. Dzuwa likapendeka m'nyengo yotentha, chule.

"Chule akagwa, usathamange. Muleke mafunde yathe. Nsomba ikameza, werenga imodzi, ziwiri, ndiye ukoke. Ukakoka pa phokoso, ubweza chule yekha."

Mayeso anatha mu Novembala. Ndinawakumbutsa, iwo anati tithe kubzala. Titabzala anati tithe kupalira. Ine sindinaumirire. Loweruka limene anagwa sindinapite nawo, chifukwa ndinamva kuti zotsatira za mayeso zafika kusukulu, ndipo ndinakwera minibasi kupita ku Chongwe. Dzulo lake ndinali nditawamangira chule kuti asavutike. Zotsatirazo zinali zisanafike n'komwe. Pobwerera ndinamva kulira ndili kumphambano.

Masana a tsiku lachitatu lija azakhali anatuma munthu kukaitana ba Zebron. Anabwera okha, chipewa chili m'manja, nakhala pansi penipeni, osati pampando. Anali munthu wanthabwala, amene kudamu ankatcha atate "mlimi wa achule", koma tsikulo nkhope yawo inali ngati ya munthu wodwala malungo. Azakhali anakankhira chitini patsogolo pawo ndi phazi, n'kuwauza kuti afotokoze mankhwala awo.

Ba Zebron anatola chimodzichimodzi. Anafotokoza kuti nthenga ya nkhanga imabisa mbedza ndipo m'madzi imavina ngati mchira wa kansomba. Mkanda umagunda pa supuni kuti nsomba imve. Ulusi wofiira, Tenson, ndilo dzina la atate, ankati bulakibasi amauyesa magazi a kansomba kovulala, ngakhale iwo ba Zebron sanakhulupirirepo zimenezo. Anati chule wa diso limodzi uja anagwira nsomba yolemera makilo atatu chaka cha chilala, ndipo Tenson anakamba za nsombayo mpaka anthu a m'minibasi anatopa naye. Mwamuna wina anayamba kuseka, azakhali atamuyang'ana anasiya.

Nyambo zambiri zinali ndi tizidutswa ta chingwe, chifukwa posintha tinkangodula pamwamba pa mfundo. Ndinaona ba Zebron atasiya kulankhula. Anayandikitsa supuni ina kumaso, natola ina, natolanso ina. Anapapasa mbedza ndi chala chachikulu. Kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, kamodzi kokha, n'kubwezera zonse m'chitini.

"Muli na china chokamba?" anafunsa azakhali.

"Nilibe, amayi. Tenson anali m'bale wanga. Kumene mufuna kunipeleka, nizapita."

Azakhali anati munthu wosalakwa sagonja msanga choncho. Amayi anangokoka chitenje kuphimba kumaso.

M'mawa mwake ndinapita kumjigo ndi chigubu. Njira yake imadutsa m'mphepete mwa dimba la ba Zebron, ndipo ndinawapeza akumangirira matimati kumitengo, ngakhale aliyense ankadziwa kuti sabata imeneyo palibe amene akanawagula. Ndinafuna kudutsa mwakachetechete, koma anandiitana. Sanandiyang'ane. Anapitiriza kumanga.

Anati zaka khumi ndi ziwiri akhala akuwedza ndi atate, ndipo mfundo ya atate angaizindikire ngakhale atatsinzina. Atate ankapota kasanu chakumanja, n'kuluma chingwe ndi mano, kusiya kamchira. Mfundo za m'chitini zinali zopotedwa chakumanzere, zodulidwa bwino ndi lezala.

"Wamanzere pa nyumba panu ni iwe."

Chigubu chinandipulumuka. Anandifunsa kuti zinayamba liti, ndinati mu Juni. Anafunsa ngati linali dzanja, ndinagwedeza mutu. Anapuma mozama, nati iwo ndi chitsiru, miyezi yonseyo ankangoona mnzawo akupereka moni ndi manja awiri, n'kumayesa ndi ulemu wa ukalamba.

"Bwanji simunakambe dzulo?" ndinafunsa.

"Nikambe kuti mwana anaziba? Pamaso pa amako, maliro yakalibe kuzizila? Iwe uli na zaka zambili zokhala nao pa nyumba imodzi. Ine denga ningafolele lina."

Ndinayamba kulira, iwo anandisiya ndilire. Kenako anati pali chinanso chimene anaona. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti mbedza imakhala ndi kamunga kumapeto, kamene kamaletsa kuti isazuke ikalowa. Ndinati za atate zinalibe, ndipo ndinkayesa kuti za bulakibasi zimakhala choncho. Ba Zebron anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Anati mbedza zonse zimagulidwa ndi kamungako. Za m'chitini zinali zophwanyidwa kamungako ndi pulayazi, imodzi ndi imodzi, ngakhale mbedza za mano atatu. Chiyambire Juni atate ankataya nsomba zambiri zikadumpha, ndipo ba Zebron ankawaseka kuti manja akalamba, atate n'kumangoti nsomba za chaka chino zapita kusukulu.

"Mbedza ya kamunga ikalowa m'chala, sichoka popanda lezala. Anali kusunga zala zako. Na dzanja limodzi, sindziba anagwila bwanji pulayazi."

Sindinatunge madzi. Ndinabwerera ndi chigubu chopanda kanthu. Ndinkaganiza za nkhope ya amayi. Ndinkadziwa kuti akanamva mu Juni, akanagulitsa ngakhale mbuzi zonse kuti atate aonane ndi dokotala ku Lusaka, ndipo mwina lero bwenzi ali moyo, okwiya, atakhala pakhonde. Ndinkadziwanso kuti Loweruka lopita kwa sing'anga linali mawa lake.

Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba m'lichero. Azakhali anali pomwepo atakhala pa mtondo wogonekedwa pansi, akufotokozera anyamata awo za ulendo wa ku Bundabunda, kuti anyamuke nthawi yanji ndi kuti atenge nkhuku iti. Ndinaima. Amayi anaona chigubu, nafunsa ngati mjigo wawonongekanso. Ndinati ayi. Azakhali anati mwana wamkazi saimirira akulu atakhala, ndipo ndinagwada. Amayi anaika lichero pansi.

"Lister, n'chiyani?"

Ndinayang'ana nyemba, chifukwa kumaso kwawo sindikanatha.

"Amama, ba Zebron alibe mlandu. Atate anali kudwala kuyambila mu Juni. Dzanja linafa, mutu unali kuwawa. Mbedza zonse zija n'namanga ndine. Ananipempha kuti nisakuuzeni, ndipo ine sin'nakuuzeni."