Machila a Mayi Tuyet

"Wongolani bondo, mayi. Tsopano kwezani mwendo wonse."

Mayi Tuyet anakukuta mano. Mwendo unanjenjemera, chidendene chinangoti nyamu pang'ono n'kugweranso pabedi. Thukuta linayenderera m'khosi.

Phuong, namwino wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi asanachitidwe opaleshoni, anatsina ntchafu yawo. Inali yofewa ngati nsomba ya dzulo.

"Zimene ndinakuonetsani zija mwakhala mukuchita?"

"Mufunse uyo," anatero Mayi Tuyet, akuloza mwana wawo Khanh amene anaima pakhomo atanyamula chikwama chawo. "Chichokereni kuno wandigoneka m'machila ngati khanda. Mpunga mkazi wake amandipatsira pomwepo. Ndikati ndidzuke ndikamwe madzi, madziwo afika kale."

Khanh anazolika.

"Ntchafu yatha iyi," anatero Phuong. "Bondo lachitsulo limene adzakuikani siliyenda lokha, mayi, imalinyamula ndi minofu iyi. Adokotala akaona chonchi, opaleshoni aikankhira m'tsogolo. Akaichita muli chonchi, mwina simudzaimanso pamsika tsiku lathunthu."

Kuyambira ali mtsikana Mayi Tuyet ankagulitsa nsomba pamsika wa Sa Dec, ndipo moyo wina sankaudziwa. Anaganiza za mnzawo wa benchi loyandikana amene anamuchita opaleshoni ya bondo chaka chatha. Pano amangokhala pakhonde, kupirikitsa ntchentche.

"Timvane, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Ukawauze adokotala kuti mwendo uli bwino. Nsomba yaikulu ya mumtsinje ndikubweretsera ndekha, yopala kale."

"Si pamsika pano, mayi."

"Paliponse m'pamsika. Chabwino, nsomba ikhale. Koma tsiku la opaleshoni lisasunthe. Ukadzandiyeza komaliza, ndidzakumenya theche ndi mwendo womwewu."

Phuong anaseka. "Mukadzandimenya, ndiye kuti mwakhoza. Mukadzalephera, ndidzanena zoona."

Pobwerera, ali panjinga yamoto, Khanh analankhula osacheuka.

"Amayi, simukundimvetsa. Tsiku lija munayenda m'mbali mwa ngalande mukutsimphina, azakhali a Lanh anandiitana. Akuti anthu akunena kuti Khanh wamanga nyumba ya njerwa koma mayi ake akudzikoka mumsewu ngati alibe mwana. Pamwambo wokumbukira malemu bambo, amalume anakana tiyi wochokera m'manja mwanga. Pamaso pa abale onse!"

"Ndiye kuti iwe ulandiridwe tiyi, ine ndilumale?"

"Mukagwa nanga? Adzati ndakuphani ndine."

Kugwako Mayi Tuyet ankakuopa nawonso, kuposa mmene mwanayo ankaganizira.

Kunyumba anapeza mpongozi wawo Diem atakonza kale machila, pilo ali pamalo pake, madzi a kokonati ali pambali.

"Gonani, amayi, mwatopa. Ndikutikiteni ndi mafuta?"

Machilawo ankaoneka okoma, ndipo bondo linkawotcha ngati muli khala la moto. Mayi Tuyet anadzikoka mpaka kukhitchini, natenga mpeni wawo wopalira nsomba, nadula chingwe chopachikira machilawo. Machila anati khu pansi.

"Mayo! Amayi!" anakuwa Diem.

"Ukasungiremo mwana ukadzabereka. Khanh, nyamula mpando uwo. Unditsate."

Anatuluka. Msewu wa m'mbali mwa ngalande unali woterera, madzi atangophwa kumene. Mayi Tuyet ankaponda phazi lililonse mosamala. Mayi wogulitsa zakudya zamadzulo anasiya kuomola. Amuna apakhonde anaika makapu awo pansi.

Anakaima pakhomo penipeni pa azakhali a Lanh.

"Alamu! Tulukani mudzaone bwino, musamvere kwa anthu."

Azakhali a Lanh anatuluka atagwira pakamwa. "Iwe Khanh, ulibe manyazi? Mayi ako odwala ukuwaimika padzuwa?"

"Musiyeni mwanayo," anatero Mayi Tuyet. "Wandilemekeza mpaka mwendo wauma. Mukadzandiona ndili chigonere, mudzabwera ndinu kudzandichotsera chikho cha mkodzo? Khanh, ika mpandowo apa."

Anakhala. Anapinda manja pachifuwa monga anawaonetsera Phuong, nayesa kudzuka. Thupi linakwera pang'ono, ntchafu inanjenjemera, anagweranso pampando. Wina anati, "Ii, abale!"

Khanh anathamanga atatambasula manja. Mayi ake anamumenya padzanja.

"Manja kumbuyo."

"Amayi, anthu akuona."

"Aone. Manja kumbuyo, ndati."

Khanh anayang'ana azakhali ake, anayang'ana amuna apakhonde aja, kenako anayang'ana ntchafu ya mayi ake ikunjenjemera mkati mwa buluku lakuda. Pang'onopang'ono anapinda manja kumbuyo, nawagwira zolimba ngati angamuthawe.

Mayi Tuyet anakoka mpweya, nawerama, nakankha pansi ndi mapazi onse awiri.