Batala wa Fiskani

"Waya wa firiji musauzule, chonde," Wezi anatero kawiri tsiku limene thupi la mwamuna wake, Fiskani, linafika ku Chibavi. Koma akwaya ankafuna soketi ya sipika, ndipo namfedwa sadzukadzuka pamphasa.

Fungo linamveka atabwerako kumanda. Hudson, mkulu wake wa malemu, anatsegula firiji n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Nsomba yonse ya batala imene Fiskani anaichotsa minga, yongodikira utsi ndi mapaketi, inali itasanduka phala.

"Basi, zathera pompa," anatero Hudson. "Firiji ndi kamakina komatira mapaketi ndapeza kale wogula ku Luwinga. Abwera mawa masana."

"Alamu, kusitolo akudikira nsomba Lachisanu. Tikalephera, shelefu ija aipereka kwa ena. Fiskani anaivutikira chomene."

"Ndiye muwapatsa chiyani, alamu? Fungoli?"

Apongozi ake a Wezi anamugwira bondo. "Mwana wanga, sunametedwe n'komwe. Ukayamba kugwira mchere ndi moto panopa, anthu adzati sunamulire."

"Nanga Luntha adya zonena za anthu, amama?"

Wezi ankangoyang'ana Hudson akuyeza chitseko ndi mikono, kuona ngati firiji ingatuluke osachotsa mahinjesi. Khanda lake Luntha linakoka bele, nalisiya, n'kuyamba kulira. Mkaka unali utachepa chiyambire maliro.

Dzuwa likulowa, Wezi anazemba ngati akupita kubafa, n'kukaima kuseri pa mgolo wootchera nsomba. Phulusa linali litanyowa ndi mvula yowaza. Minibasi yoyamba ya ku Nkhata Bay imanyamuka kusanache. Akapeza mabwato akungokocheza n'kugula batala wina, utsi ukhala ukufuka wogulayo asanafike, ndipo Hudson sangatulutse firiji muli nsomba anthu akuona. Koma minga? Iye ntchito yake inali kuthira mchere ndi kumata. Nthawi zonse akayesa kusenga, mpeni unkatsetsereka, nyama n'kunyenyeka, chifukwa iye ndi wamanzere.

Anapapasa pansi pa lata pamene Fiskani ankabisa zida. Mpeni wake wakale unalipo. Pambali pake panali wina watsopano, wokulungidwa m'kansanza, chogwirira chake chaching'ono, wonoledwa mbali inayo.

Anaugwira ndi dzanja lamanzere. Unakhala bwinobwino.

Anauika m'beseni, n'kuvundikira ndi nsalu yoberekera Luntha, nakabisa besenilo kuseri kwa geti.