Mpata wa Violet

Laxon, mtsogoleri wa kwaya ya pa komboni, sanawanyengerere a Jasten. Anawauza pamaso pa azimayi kuti kaligo wawo akusokoneza nyimbo, amangozima pakati ngati thirakitala yotha dizilo. Choncho Loweruka, povundukula chiliza cha malemu Violet, kwaya idzaimba yokha.

Violet anali mkazi wawo. Zaka makumi atatu pa famu ya ku Macheke ija, iwo ankaliza kaligo, mayiyo akuvomera. Lero mwana wadzulodzuloli awaletse kulizira mkazi wawo?

Anafika kunyumba atapsa mtima. Analanda foni ya mwana wawo Keziya, namuuza kuti awasonyeze podina pojambula mawu. Ankafuna umboni wokamutseka nawo pakamwa Laxon. Analowa m'chigafa chakale cha fodya, nakunga chingwe, nanyowetsa uta ndi malovu, naliza nyimbo yonse.

Kenako anamvetsera. Mzere woyamba unatuluka bwino. Utatha, zii, mphepo yokha pa malata. Kaligo n'kuyambanso, n'kudukanso.

Anati foniyo ndi yabodza, katundu wa pamsika. Anajambula kachiwiri, kachitatu, akukanikiza uta mpaka khonje lake linayamba kunyotsoka. Chimodzimodzi. Anamenya ndi phazi chitini china chimene chinali pansi, chinakagwera kukhoma.

Keziya anali ataima pakhomo.

"Baba, pamene mukudukizapo ndi paja ankavomera amayi."

A Jasten anayang'ana pa foni paja. Anadinanso, akuwerenga ndi chala pa bondo. Zinali zoona. Mpata uliwonse unali wokwana ndendende mawu a Violet. M'makutu mwawo mayiyo ankavomerabe, koma foni sinkamumva, kwaya nayonso ayi.

Keziya anati ndiye aphunzire kupitiriza osadukiza, mwina Laxon awalola.

"Nditseke malo a amako chifukwa cha Laxon? Bwera uime apa. Vomera."

Masiku anayi ankajambula n'kumvetsera. Keziya akafulumira ankamukalipira, akachedwa ankamukalipiranso, mpaka tsiku lina anatuluka akulira. Anabweranso yekha. Pa kalizidwe ka kaligo a Jasten sanasinthepo kanthu.

Loweruka a Jasten ndi Keziya anafika kumanda kwaya isanafike, nakhala pa njerwa pafupi ndi chiliza. Laxon atawaona anabwera atakweza dzanja kuti awaletse. A Jasten sanamuyang'ane n'komwe, anangokoka uta.

Mzere woyamba unatha. Kaligo anadikira. Keziya anavomera. Pa mzere wachiwiri azimayi a kwaya anavomera naye, Laxon dzanja likadali m'mwamba.