Sutikesi Yakuda pa Mapu

Lolemba m'mawa Mayi Otilia Bârsan anapeza khoma la kalasi lawo lili mbee, patatsala timisomali tokhatokha. Matchati onse amene ana awo anajambula anali atachotsedwa.

Anakawapeza m'kalasi mwa Bambo Pleșa, mphunzitsi mnzawo wa jogalafe, atakhomedwa bwinobwino, mayina a ana atadulidwa ndi sizasi. Munthu wa imvi zake kubera ana! Anawo anayenda khomo ndi khomo m'chipale chofewa kufunsa kumene makolo a anzawo anapita kukagwira ntchito, n'kujambula masutikesi pa mapu: yaikulu pa Italy, ina pa Germany, ofiira a amayi, obiriwira a abambo.

"Za pasukulu n'za tonse, mayi," anatero Bambo Pleșa akumwa khofi. "Mwangobwereketsa basi."

"Zikomo, bambo. Zikuthandizeni."

Koma mumtima munali moto. Ana m'tawuniyi ankangotha, ndipo pofika Seputembala sukulu inkafuna mphunzitsi wa jogalafe mmodzi yekha. Lachinayi kunkayenera kubwera mayi woyendera sukulu kudzaonera phunziro la aliyense, kuti wina atsale, wina apite.

Chinyengo cha Bambo Pleșa ankachidziwa ndi aliyense. Kukabwera mlendo, ana onse ankakweza manja: wodziwa yankho lamanja, wosadziwa lamanzere. Aphunzitsi anzawo ankangoseka, poti ndani sanachitepo kake?

Lachinayi Mayi Otilia anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukakhala kumbuyo m'kalasi mwa Bambo Pleșa pamodzi ndi aphunzitsi ena monga mwa chizolowezi, koma anasankha mpando wogundana ndi wa mlendoyo. Phunziro linkayenda myaa. Funso lililonse, manja onse m'mwamba.

"Ana anzeru bwanji," ananong'ona woyendera uja.

"Eee, makamaka awo akweza lamanzerewo," anayankha Mayi Otilia mokoma. "Amangochita manyazi. Tamufunsani uyo wa pawindoyo za sutikesi yakuda ili pa Spain."

Mlendoyo anaimirira.

"Pepani, Bambo Pleșa, ndifunseko nanenso. Ana inu, masutikesi onsewa ndi ofiira ndi obiriwira. Nanga iyi mwaipakiranji yakuda?"

Manja onse m'mwamba, onse amanzere. Mlendoyo analoza mnyamata wa pawindo, Costel, amene anaimirira makutu ali psuu.

"Sindikudziwa, mayi."

"Nanga wakwezeranji dzanja?"

"Ndakweza lamanzere, mayi."

Bambo Pleșa anaseka kuseka kopanda mano kuoneka.

"Choko chobiriwira chinawathera, n'chifukwa chake..."

"Ayi, bambo." Mayi Otilia sanakweze n'komwe mawu. "Imeneyo anajambula ndi Smaranda wa m'kalasi mwanga. Bambo ake anagwa pachimango akumanga nyumba ku Spain, anabwera m'bokosi. Mwanayo anakana kuwachotsa pa chiwerengero, akuti nawonso anapita. Anapaka ndi khala la m'mbaula ya kwawo. Gwirani muone."

Woyendera sukulu anakhudza sutikesiyo n'kuyang'ana chala chake. Kenako anayang'ana m'munsi mwa pepala, modutsa sizasi muja.

Chisoni? Mayi Otilia anachifunafuna mumtima, sanachipeze. Chimene anamva ndi kukoma, kukoma kwenikweni, ngati supu yotentha tsiku lachisanu.

Madzulo mkulu wa sukulu anawaitanira mu ofesi, akupukuta magalasi ake mosalekeza.

"Malo ndi anu, Mayi Bârsan. Koma mwatichititsa manyazi tonse. Munthuyu wangotsala pang'ono kupuma pantchito, ndiye ndikayambira pati kumuuza?"

"Musavutike, bambo," anatero iwo akumanga mabatani a jekete. "Ndikamuuza ndine."

Anakwera masitepe pang'onopang'ono, osafulumira ngakhale pang'ono. Pakhomo la Bambo Pleșa sanagogode.