Madzi m'Botolo la Mowa

Nesi wa kuntchito kwathu alibe chifundo ndi munthu wonenepa. Chaka chilichonse ife oyendetsa mabasi timakwera pa sikelo yake, ndipo chaka chino nditakwerapo anayang'ana nambala, nkundiyang'ana ine, nkuyang'ananso nambala. Makilo 118. Atandipima kuthamanga kwa magazi anangopukusa mutu.

"Bambo, mimba yanuyi yayamba kale kukhudza chiwongolero. Ngati mukufuna kudzanyamula zidzukulu, tsitsani makilo makumi awiri. Muyambe ndi kusiya mowa."

Ine ndinaseka, koma mwana wanga wamkazi sanaseke nditamuuza. Mayi ake tinawaika m'manda zaka ziwiri zapitazo. Anatsamira firiji, misozi ili chuchuchu. "Adadi, nanunso mukufuna kundisiya?" Amene anandisiyitsa mowa ndi mawu amenewo, nesi uja anangoyambitsa.

Mowawo sunandivute kusiya. Chimene sindikanatha kusiya ndi Loweruka.

Mkazi wanga anali ndi mchimwene mmodzi yekha, wosoka nsapato kuseri kwa depoti. Maliro atatha, anthu anasiya kumutchula malemuyo. Kuntchito ndikangoyamba kunena za iye, anzanga ankakumbukira mwadzidzidzi kuti sanaone oilo. Mwana wanga ankathawira kuchipinda. Amene anatsala ndi alamu anga okha. Loweruka lililonse 2 koloko masana tinkakumana m'bala ina yaing'ono, pa tebulo lapakona lokhala ndi mwendo umodzi wofupika, ndipo mpaka 5 koloko mkazi wanga ankakhala ngati ali pompo. Tinkamuseka, tinkamunena miseche, tinkamulira. Kwina kulikonse anali malemu. Pa tebulo lija anali munthu wokonda kukalipa, woimba mosokoneza kwaya, wodziwa pamene wabisa chilichonse.

Tinali ndi lamulo lathu: botolo kwa botolo, wina asatsogole, wina asatsalire. Otha tinkawaika pansi pa tebulo, aliyense mbali yake, ndipo alamu ankawagunda ndi phazi kuona ngati tikufanana. Alamu anga akakhala asanamwe ndi munthu wosalankhula, mungakhale nawo tsiku lonse nkumva mawu asanu. Pakamwa pawo pankatseguka pa botolo lachitatu, ndipo ankanena poyera chifukwa chake. "Tikaledzera tonse, alamu, palibe angakayang'ane mnzake modabwa Lolemba. Ine ndinena zanga, inu munene zanu, tonse tituluke opanda ulemu."

Loweruka loyamba nditasiya mowa ndinaitanitsa chakumwa choziziritsa kukhosi, nkunama kuti ndili pa mankhwala a chimfine. Alamu anamwa botolo limodzi, tinakamba za mpira ndi za msewu wokumbika wa kudepoti, ola lisanathe anati ali ndi nsapato za mwini zoti amalize. Dzina la mlongo wawo silinatuluke. Ndinabwerera kunyumba mtima uli zii, ngati ndapita kumanda nkupeza geti lotseka.

Apa ndi pamene ndinapusa, ndipo ndinapusa ndikudziona wochenjera. Lachisanu ndinapita kwa mayi ogulitsa m'bala muja, nkuwapempha kuti azinditsukira mabotolo, azithiramo madzi ozizira, azibwera nawo otsegulatsegula pamodzi ndi a alamu. Botolo lake ndi lofiirira, simungaone zamkati. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwanji osangowauza alamu anuwo?"

"Akadziwa sadzalankhulanso."

"Nanga akadziwa mochedwa?"

Ndinangowachonderera, mpaka anavomera.

Zinayenda bwino miyezi inayi. Ndinaphunzira kukweza mawu pa botolo lachitatu, kugwetsa chipewa pa lachinayi, kudzandira pang'ono popita kukataya madzi. Basi ndinkaiimika kudepoti nkuyenda wapansi mpaka kunyumba. Mwana wanga ankandipakulira m'mbale yaing'ono, masamba ochuluka ngati ndine mbuzi. Lamba ndinabooletsa mabowo awiri atsopano, ndipo amene anandiboolera ndi alamu omwewo, akuseka kuti chisoni chandidya mochedwa. Makilo khumi ndi anayi anapita. Ndinkakwera masitepe a ofesi osapuma panjira. Sindinama, ndinkasangalala.

Koma khutu la munthu wosaledzera limasunga zonse. Kale ndinkadzuka Lamulungu ndikungokumbuka kuti tinalira ndipo zinatithandiza. Tsopano ndinkakumbuka liwu lililonse, ndi mmene mlomo wawo unkanjenjemerera. Ndipo ikafika nthawi yanga yonena zanga, ndinkasankha. Ndinkapereka tizinthu ting'onoting'ono, tosachititsa manyazi kwenikweni, iwo akukhuthula mtima wonse.

Loweruka lomaliza kunatentha kwambiri. Tili pa botolo lachinayi, alamu anayamba kupalasa chizindikiro cha pabotolo ndi chikhadabo chakuda ndi guluu.

"Alamu, pali chimene sindinauzepo munthu."

"Nenani."

"Tsiku lija achemwali anagwa kukhitchini, inu muli paulendo. Anandiimbira katatu. Foni inali pabenchi, ndinkaiona ikuwala. Sindinayankhe. Ndinkaganiza kuti akufuna kundikalipira za mkazi amene ndinamusiya uja. Ndinati aimbe mpaka atope. Kuchoka pashopu panga kufika kwanu ndi mphindi khumi, alamu. Mphindi khumi. Anagona pansi paja maola awiri."

Analira mpaka kutsamwa. Anayamba kutsokomola, nkhope yonse kufiira, mpweya osatuluka. Botolo lawo linali litatha. Sindinaganize chilichonse, dzanja linangopita lokha. Ndinawapatsa langa.

"Imwani, alamu, imwani."

Anamwa kwambiri, kawiri. Chifuwa chinaleka. Kenako anachotsa botolo pakamwa pang'onopang'ono, nkulinunkhiza. Anathira pang'ono pachikhatho, nkuyang'ana. Anawerama, natola limodzi mwa mabotolo a mbali yanga pansi pa tebulo, nalinunkhizanso. Atatembenukira kukauntala, mayi aja anayamba kupukuta malo opukuta kale.

"Kuyambira liti?"

"Alamu, ndimati ndikuuzeni. Ndi nesi wa kuntchito. Komanso mwana uja..."

"Ndafunsa kuti kuyambira liti."

"Miyezi inayi."

Anagwedeza mutu. Mowa unali utawathera m'maso.

"Ndiye za mkazi wanga uja munamva muli bwinobwino. Za bambo athu, zonse zija. Ndi izi za lero." Anapukuta nkhope ndi malaya. "Mukanandiuza kuti mwasiya, ndikanakuomberani m'manja. Mwana uja ndi wa mlongo wanga, mukuganiza kuti ndikufuna akhale wamasiye kawiri? Ndikanangotseka pakamwa panga, basi. Koma inu munandisiya ndizivula, inu mutavala mpaka tayi. Mumagwetsa dala chipewa, ine nkumakutolerani."

"Za foni zija sindikukuimbani mlandu. Ndikulumbira, alamu. Ngakhale adokotala ananena kuti..."

"Lero simukundiimba. Koma mwazisunga. Mudzazikumbuka mukuyendetsa basi, mudzazikumbuka pa ukwati wa mwana uja mukadzandiona ndakhala kutsogolo. Ine ndimauza munthu amene aiwale."

Ndinaitana mayi aja kuti abweretse mowa weniweni, mabotolo anayi nthawi imodzi. Ndinamwa loyamba osapuma, thovu likutsikira m'khosi la malaya, lachiwiri chimodzimodzi. Ndinali wokonzeka kubweza makilo onse khumi ndi anayi tsiku lomwelo. Alamu anangondiyang'ana mwachisoni.

"Musadzipweteke chabe. Zalowa kale."

Anaimirira, nakankhira mpando pansi pa tebulo bwinobwino, natuluka. Panja dzuwa linali likadali pamwamba.

Loweruka lotsatira ndinakhala pakona paja ndekha mpaka 5 koloko. Linalo chimodzimodzi. Foni ankayankha, koma mwaulemu woopsa: ali bwino, ntchito yachuluka, moni kwa mwana. Ndinadzida. Ndinamuda nesi, ndinaida sikelo, ndinawada mayi a m'bala chifukwa chondichenjeza pang'ono m'malo mondikaniza. Koma pobwerera ndinkadzipeza ndekha, chifukwa bodza linali langa.

Mwezi utatha ndinatenga nsapato yanga yakuntchito, imene inalibe vuto lililonse, nkuimatula soli ndi mpeni kuti ndipeze chopitira. Ndinawapeza atakhala pakampando kawo, nsapato ya mwana wasukulu ili pabondo, ulusi uli pakamwa. Anaimirira, nandipatsa moni ndi manja awiri, nandipukutira benchi. Sanayambe andipukutirapo benchi chikwatirire mlongo wawo.

Anaitembenuza nsapato ija, naona pamene mpeni unadutsa. Anapaka guluu mbali zonse ziwiri nkuiika padzuwa kuti igwire. Tinakhala tikuyang'ana anthu odutsa.

"Alamu," ndinatero, "dzulo ndakumbuka tsiku lija achemwali anu anatipeza tikuonera mpira titasiya mwana m'beseni. Mukukumbuka mmene anatithamangitsira ndi tsache mpaka pamsewu, inu nsapato imodzi m'manja?"

Ndinadikira. Ndinaona pakona pa mlomo wawo pakugwedezeka, ndipo ndinati basi, abwerera. Koma anatola nsapato ija, nakanikiza soli ndi zala zonse, naigogoda ndi hamala katatu.

"Malemu anali munthu wabwino, bambo," anatero. "Mzimu wawo uziusa mumtendere."

Anandipatsa nsapato yanga, nati ndisaivale mpaka mawa.