Nyimbo ya Malemu Halyna

"Aphunzitsi, ndithandizeni," anatero Fermín, chipewa chili m'manja. "Eni holo akuti nyimbo ija ndi yaifupi, ndiwonjezere. Ndayesa, mutu waima."

A Ostap Hrynkiv anangomuyang'ana. Nyimbo ija! Anaipeka iwo atangofika ku Buenos Aires kuchokera ku Ukraine, chaka chimene akazi awo a Halyna anamwalira. Fermín, amene iwo anamuphunzitsa vayolini zaka khumi ndi ziwiri, ankaimva akabwera kudzaphunzira. Tsiku lina mkuluyo anangoimva pawailesi itasanduka tango, nyimbo yovina ya kumeneko, wolengeza akuti woipeka ndi Fermín Zabala. Lero wakubayo ndi uyu, manyazi alibe, akupempha ndi zowonjezera zomwe.

"Ubwere Lachisanu," anayankha a Ostap.

Atatuluka, mlongo wawo Odarka anamenyetsa mbale patebulo.

"Achimwene, mwapenga? Wakuberani malaya, mukumusokereranso mabatani?"

"Galu wamkota sakandira pachabe, iwe. Ukauze amayi onse a ku Ukraine a kutchalitchi kwathu kuti Lamlungu masana akakhale m'mipando yakutsogolo kuholoko."

A Ostap analemba masiku atatu, mano ali gwa. Chimene analembacho sichinali chawo ayi. Inali kanyimbo kakumudzi kwawo, kamene mayi aliyense amaimba posambitsa mwana wolira. Anangokachedwetsa n'kukaveka ulemu.

Fermín atakayesa anachita kulumpha. "Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni!"

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," Odarka anang'ung'udza ali kukhitchini.

Lamlungu holo inadzaza. Fermín anaimirira atavala suti yatsopano, n'kulengeza kuti gawo latsopanoli linamufikira kumaloto. Gawo la Halyna analiimba bwino ndithu, mpaka a Ostap mtima unawawa. Kenako analowa m'gawo lachiwiri.

Mayi wina wokalamba anatukula mutu. Mnzake anamugunda ndi chigongono. Posakhalitsa amayi makumi atatu anali akuimba nawo m'chiyankhulo chakwawo, mawu onse, za kamwana kokana madzi. Wina anafika poyerekeza kutsuka makutu. Holo yonse inafa nacho chiseko.

"Kumaloto kwa ndani?" Odarka anakuwa ataimirira. "Iyi anatisambitsira amayi athu! Yoyamba ija ndi ya achimwene angawa, anapekera maliro a mkazi wawo!"

Fermín anatsitsa vayolini, thukuta lili kamukamu, n'kuzembera kuseri. Palibe holo inamuitananso, ndipo a Ostap sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

Patatha mwezi eni holo anaitana a Ostap, dzina lawo litalembedwa pakhomo ndi zilembo zikuluzikulu. Anaimba nyimbo ya Halyna atatsinzina. Asanafike n'pakati pomwe, kumbuyo wina anayamba kuimba mluzu wa kanyimbo kosambitsira ana, ndipo anthu anayamba kuseka, akudikira kuti kafike.

A Ostap anamaliza, anawerama, n'kutsekera vayolini m'bokosi lake. Nyimbo ya Halyna sanaiimbenso.